Ndende za Angongole ku England ndi Mmene Lamulo Linayambira Kufafaniza Ngongole

Pa 20 February 1824, John Dickens, kalaliki wa ku ofesi yolipira asilikali a pamadzi, anamutsekera m'ndende ya Marshalsea, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London. Sanabe ndipo sanamenye munthu. Anali ndi ngongole ya mapaundi 40 ndi masheleni 10 kwa munthu wina wophika buledi, ndalamayo n'kukanika kupezeka. Masiku amenewo nkhani yotere sinkadabwitsa aliyense. John Howard, amene anayendera ndende za m'dzikolo n'kutulutsa buku la zomwe anaona mu 1777, anapeza kuti akaidi oposa theka anali angongole chabe.

Chodabwitsa chinali kwina. Mumzinda womwewo, wamalonda wamkulu amene wamiza mapaundi masauzande a anthu ankatha kupereka katundu wake wotsala, n'kulandira chikalata chonena kuti ngongole zake zonse zafafanizidwa, mawa lake n'kutsegula sitolo ina. Kalaliki, mphunzitsi, msilikali kapena mayi wamasiye analibe njira imeneyi. Kwa zaka pafupifupi 300, dziko la England linali ndi malamulo awiri a ngongole, lina la amalonda, lina la anthu wamba, ndipo mbiri ya zimene lero amati bankruptcy ndi mbiri ya mmene malamulo awiriwa anadzakhalira limodzi. Mpaka pano msoko wake ukuonekabe.

Lamulo loyamba linabwera mu 1542, Mfumu Henry VIII ali pampando. Munalibe chifundo ngakhale pang'ono. Linalembedwa pofuna kuthana ndi anthu otenga katundu wa anzawo pangongole kenako n'kuthawira kunja, kapena kudzitsekera m'nyumba poti wolonjerera ngongole sankaloledwa kuthyola chitseko. Chatsopano chinali chimodzi: katundu wa munthuyo azilandidwa, kugulitsidwa, ndipo ndalama zake azigawana eni ngongole onse molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Izi zisanachitike, wofika msanga ndiye ankakokolola zonse, ochedwa n'kubwerera chimanjamanja. Koma wangongoleyo sankapindula kanthu. Akamulanda zonse, ngongole yotsalayo inkakhala idakali pamutu pake. Mu 1571, nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, ananeneratu kuti lamuloli ndi la amalonda okha. Nthawi ya Mfumu James I anawonjezera chilango: wobisa katundu ankamuimika poyera kwa maola awiri, khutu lake litakhomeredwa ku thabwa ndi msomali, kenako n'kulidula.

Zinthu zinatembenuka mu 1706, Mfumukazi Anne akulamulira, ndipo chinazitembenuza ndi chinyengo. Chaka cha m'mbuyo mwake, wamalonda a nsalu wina dzina lake Thomas Pitkin anatenga katundu wambirimbiri pangongole, n'kumuzembetsa mogwirizana ndi mnzake, iye n'kuthawira ku Holland. Amalonda a mu London anakwiya, nkhani n'kufika ku nyumba ya malamulo. Aphungu atakhala pansi anazindikira chinthu chimene aliyense wolonjerera ngongole amachidziwa: munthu amene akudziwa kuti ngakhale aulule zonse adzafera m'ndende, alibe chifukwa choululira. Abisa basi. Choncho anaika nyambo. Wamalonda amene wapereka katundu wake yense ndi kuyankha mafunso moona, ngongole yake yotsala izifafanizidwa, ndipo azipatsidwako kangachepe koyambira moyo, mapaundi 5 pa 100 alionse opezeka, osapitirira 200, bola eni ngongole alandire masheleni 8 pa paundi iliyonse. Wobisa katundu azinyongedwa. Daniel Defoe, mlembi wa Robinson Crusoe, amene naye anagwa mu 1692 ali ndi ngongole ya mapaundi pafupifupi 17,000, analemba kwambiri poikira kumbuyo maganizo ofafaniza ngongole za munthu woona mtima.

Chingwe sanachigwiritse ntchito kawirikawiri, koma sichinali choopsezera chabe. Mu 1761 John Perrott, wamalonda a nsalu, ananyongedwa ku Smithfield atapezeka kuti anabisa ndalama za mapepala zodulidwa pakati, zidutswa zina m'bokosi lake m'ndende ya Newgate, zinzake kunyumba kwa mkazi amene ankayenda naye. Chilango cha imfa pa mlandu umenewu chinathetsedwa mu 1820.

Ena amati 1706 ndi chaka chimene lamulo linayamba kumvera chisoni wangongole. Ine ndikuona kuti linkamvera chisoni thumba la mwini ngongole. Umboni wake ndi wakuti pasanathe nthawi anawonjezera mfundo yoti chikalata chofafaniza ngongole chisatuluke pokhapokha eni ngongole anayi mwa asanu alionse atasainira. Komanso wangongole sankaloledwa kudzipereka yekha kukhothi. Mlandu unkayambitsidwa ndi eni ngongole, moti ochenjera ankachita kupangana ndi mnzawo wina amene anali naye ngongole kuti awasumire. Eni ngongole anangowerengera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: kuli bwino kulandira masheleni 8 lero kusiyana n'kudikira paundi yathunthu kwa munthu amene akuolera m'ndende.

Nanga amene sanali amalonda? Awa ndiye ankadzaza ndende za Fleet, King's Bench ndi Marshalsea, komanso za m'maboma. Mwini ngongole ankangolumbira kuti wakutiwakuti ali ndi ndalama zanga, munthu n'kugwidwa mlandu usanazengedwe n'komwe. Ankayamba wamusunga m'nyumba ya wogwira anthuyo, kumene chakudya ndi malo ogona zinkalipiritsidwa pamtengo wopweteka dala, kuti abale aone msanga chochita. Zikakanika, ulendo wa kundende. Kumeneko kunalibe tsiku lotuluka. Wakuba ankadziwa chilango chake, koma wangongole ankatuluka pokhapokha atalipira kapena mwini ngongole atatopa naye.

Ndendezi zinali mabizinesi. Udindo woyang'anira ndende unkagulidwa ndi ndalama, wogulayo n'kumabweza ndalama yake kuchokera kwa akaidi. Mu 1728 Thomas Bambridge ndi mnzake anagula udindo woyang'anira Fleet pa mapaundi 5,000. Mkaidi ankalipira polowa, ankalipira lendi ya chipinda, ankalipira kuti amuvule maunyolo, ndipo ngakhale ngongole yake itatha sankatuluka asanalipire ndalama yotulukira. Akaidi anzake nawo ankamulipiritsa ndalama ya mlendo, yogulira mowa, akalephera n'kumuvula jekete. Munthu wolowa ndi ngongole yaing'ono ankapezeka kuti ngongole yakula ali m'kati momwemo, kumene sakanatha kugwira ntchito.

Ku Marshalsea kunali mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi khoma. Mbali ya otha kulipira kunali zipinda za lendi, malo omwera mowa ndi kasitolo. Mbali ya osauka anthu ankapanikizana m'tizipinda tating'ono, kudalira zopereka za anthu achifundo, zimenenso oyang'anira ankadyako. Ku Fleet kunali kawindo ka zitsulo koyang'ana kumsewu, pamene akaidi ankasinthana kuima ndi kabokosi kupempha odutsa. Pomwe wandalama, ku Fleet ndi ku King's Bench, ankatha kugula chilolezo chokhala kunja kwa mpanda, m'misewu yozungulira ndende, n'kumadya bwino ndalama za eni ake uku akutchedwa mkaidi.

Zonsezi zinaululika chifukwa cha imfa ya munthu mmodzi wodziwana ndi phungu. Robert Castell, katswiri wa mapulani a nyumba, atalephera kupereka ndalama zimene Bambridge ankafuna, anamusamutsira m'nyumba imene munali matenda a nthomba. Anachonderera kuti sanadwalepo nthendayi, koma sanamumvere, ndipo anamwalira chakumapeto kwa 1728. Mnzake James Oglethorpe anatengera nkhaniyi ku nyumba ya malamulo, n'kutsogolera komiti yofufuza ndende mu 1729. Komitiyi inapeza zida zozunzira anthu, ndipo ku Marshalsea inapeza kuti nyengo yotentha akaidi asanu ndi atatu mpaka khumi ankafa tsiku lililonse, ambiri ndi njala. Bambridge anachotsedwa ntchito, iye ndi William Acton wa ku Marshalsea n'kuimbidwa milandu ya kupha. Onse anapezeka osalakwa. Oglethorpe anapita kukayambitsa dera la Georgia ku America mu 1733, poyamba ali ndi maganizo oti angongole akayambireko moyo wina, koma amene anasankhidwa kukwera chombo anali anthu ena.

Pofika nthawi ya John Dickens nkhanza zoopsazo zinali zitachepa, ndendeyo itasamukira pamalo ena apafupi, koma mchitidwe unali womwewo. Mkazi wake Elizabeth, atapinyolitsa ndi kugulitsa za m'nyumba mpaka kutsala mipando yowerengeka, anatenga ana aang'ono n'kukakhala ndi mwamuna wake m'chipinda cha m'ndende. Izi zinali zololedwa, ndipo kwa banja lotere kunali kotchipa kuposa lendi ya kunja. Olonjerera ngongole sankafikako, malipiro a John ankabwerabe. Ana awo amene anatsala kunja ndi Fanny, yemwe ankaphunzira zoimbaimba, ndi Charles wa zaka 12, amene anamupezera ntchito pafakitale ya Warren yopanga polishi wa nsapato m'mbali mwa Thames. Ntchito yake inali kuphimba timabotolo ta polishi ndi mapepala, kumanga ndi kachingwe, n'kumata chizindikiro, pa malipiro a masheleni 6 pa sabata. Atamupezera kachipinda mu Lant Street pafupi ndi ndende, ankalawirira m'mawa kukadya ndi makolo ake chipata chikangotsegulidwa, madzulo n'kudzadyanso, n'kutuluka belu lotsekera lisanalire.

Tsiku lina mnyamatayu anadwala ali kuntchito, ndipo mnzake wamkulupo, Bob Fagin, anaumirira kuti amuperekeze mpaka kwawo. Charles anayesetsa kumubweza panjira, osatheka. Atafika pafupi ndi mlatho wa Southwark analoza nyumba ina ya eni ake kuti kwathu ndi pano, n'kutsanzikana naye, ndipo poopa kuti mnzakeyo angacheuke, anakagogodadi pachitseko n'kufunsa funso lopanda pake kwa mayi amene anatsegula. Manyazi amenewa sanamuchoke. Anakula n'kukhala mlembi wotchuka kwambiri m'dzikolo, analemba za ndende ya angongole mu David Copperfield ndi Little Dorrit, koma zoti iye mwini anakhalapo mwana wa mkaidi wa ku Marshalsea anthu anadzazimva atamwalira, mnzake John Forster atalemba mbiri ya moyo wake.

John Dickens anatuluka kumapeto kwa May chaka chomwecho kudzera m'lamulo la angongole osakhala amalonda, limene khothi lake linakhazikitsidwa mu 1813. Mkaidi ankalemba ngongole zake zonse ndi katundu wake yense, n'kulumbira kuti zovala ndi zina zimene banja lasunga sizikupitirira mapaundi 20. N'chifukwa chake Charles anamutumiza kwa munthu woyerekeza mitengo kuti akaone zovala zimene anavala. Mnyamatayo anaima pamenepo mtima uli m'mwamba chifukwa m'thumba mwake munali wotchi yasiliva imene agogo ake anamupatsa, ikugunda. Munthu uja anangomuyang'ana pang'ono n'kumuuza kuti azipita. Koma lamulo limeneli linkamasula thupi lokha. Wamalonda ankatuluka ngongole itafafanizidwa, pomwe kalaliki ankatuluka ngongole ikumudikirira pa chilichonse chimene angadzapeze m'tsogolo.

Kuchokera apa zinthu zinayenda mofulumirako. Mu 1838 anathetsa kumanga munthu mlandu wa ngongole usanagamulidwe. Mu 1842 Fleet ndi Marshalsea zinatsekedwa. Mu 1844 wamalonda analoledwa kudzipereka yekha kukhothi, mu 1861 chitseko chinatsegulidwira osakhala amalonda, ndipo mu 1869 nyumba ya malamulo inalengeza kuti kumanga anthu chifukwa cha ngongole kwatha.

Kunatha kwa ena. Lamulo la 1869 linasiya mpata wakuti munthu amene khothi laona kuti ndalama ali nazo koma akukana kulipira, atha kumangidwa mpaka masabata asanu ndi limodzi, ngongole osachepako. Makhothi a milandu ing'onoing'ono, amene anayamba mu 1846, ankadzaza ndi ogulitsa zovala pangongole, eni magolosale ndi obwereketsa ndalama akusumira anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi. Woweruza akamva kuti munthu analandira malipiro sabata yatha, ankati ndalama anali nazo. Anthu masauzande chaka chilichonse ankalowabe m'ndende mpaka zaka za m'ma 1900, tsopano osati ya angongole koma yomwe ija ya akuba. Njira ya bankruptcy inali yotsegukira aliyense papepala, koma inkafuna ndalama za khothi zimene wa m'mgodi sakanazipeza. Mpata umenewu unadzatsekedwa pa ngongole wamba mu 1970.

Chimake cha dongosolo la lero anachimanga ndi nduna Joseph Chamberlain mu 1883. Iye anati kugwa kwa munthu pa ngongole si nkhani ya iye ndi eni ngongole okha, boma liyenera kufufuza chomwe chachitika. Anakhazikitsa ofesi ya Official Receiver, wantchito wa boma amene amatenga katundu wa wangongole ndi kufukula mmene ankayendetsera ndalama, ndiponso anakhwimitsa zoti munthuyo azifunsidwa mafunso pagulu, m'khothi, atolankhani ali pomwepo. Mlembi Oscar Wilde anadutsa m'njira imeneyi mu 1895. Mu April chaka chimenecho katundu wa m'nyumba yake ku Tite Street anagulitsidwa pa okushoni, mabuku, zithunzi, mpaka zidole za ana ake. Mu November anachita kumutenga kundende kumene ankagwira ukaidi wa mlandu wina, kuti akayankhe za ngongole zake anthu akuonerera. Anamwalira mu 1900 ngongolezo zisanathe, ndipo mnzake Robert Ross ndiye anadzamaliza kuzilipira ndi ndalama za mabuku ake.

Malamulo amenewa anayenda ndi atsamunda. Lamulo lakale la Malawi pa nkhaniyi linatengera la ku England, ndipo linagwira ntchito mpaka pamene Insolvency Act ya 2016 inalowa m'malo mwake. Maganizo akuti wogwa pa ngongole ndi munthu wokayikitsa alimo ngakhale m'malamulo aakulu a dziko la Malawi: munthu amene khothi linamugamula kuti walephera kubweza ngongole, ndipo sanamasulidwe, saloledwa kupikisana nawo pa mpando wa phungu kapena wa pulezidenti.

Ku England komweko, munthu ankatha kukhala zaka makumi osamasulidwa, chifukwa kumasulidwa kunkafuna kubwereranso kukhothi kukapempha, ndipo ambiri ankaopa manyazi. Komiti ya Kenneth Cork itapereka lipoti lake mu 1982, lamulo la 1986 linati munthu azimasuka yekha pakatha zaka zitatu, ndiponso linabweretsa njira yoti wangongole agwirizane ndi eni ngongole zolipira pang'onopang'ono osafika pa bankruptcy. Kuyambira April 2004 zaka zitatu zija zinatsika kufika chaka chimodzi. Apa n'kuti ngongole zitasintha nkhope. Ambiri ogwa sanalinso amalonda, anali anthu apantchito olemedwa ndi makhadi a ngongole, amene ntchito yawathera, banja latha kapena matenda awagwetsa.

Lero ku England ndi Wales munthu wodzipereka yekha sapitanso pamaso pa woweruza. Kuyambira April 2016 amalemba fomu pa intaneti, wantchito wa ofesi ya boma ya Insolvency Service n'kugamula. Zikavomerezedwa, eni ngongole amaleka kumuvutitsa, ndipo kwa munthu amene wakhala akuopa kutsegula makalata ndi kuyankha foni, mpumulo woyamba ndi umenewu. Kenako Official Receiver amamufunsa mafunso, kawirikawiri pafoni, ndipo akaunti ya kubanki imatha kutsekedwa kaye. Zovala, zogonera, mipando wamba ndi zipangizo zogwirira ntchito amamusiyira. Galimoto yodula imapita. Nyumba ngati ndi yake, gawo lake limakhala m'manja mwa woyang'anira katunduyo, amene ali ndi zaka zitatu zoti achitepo kanthu, ndipo apa ndi pamene mabanja amalira kwambiri, poti mkazi kapena mwamuna amene sanakongole nawo amayenera kugula gawo la mnzakeyo, apo ayi nyumba igulitsidwe. Ngati malipiro ake amatsalako akachotsa zofunika pamoyo, amamudula mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, ngakhale atamasulidwa kale.

M'chaka chimene akudikira kumasulidwa saloledwa kukhala dayirekitala wa kampani popanda chilolezo cha khothi, ndipo sangakongole mapaundi oposa 500 osaulula za vuto lake. Dzina lake limalembedwa mu nyuzipepala ya boma ya Gazette ndi m'kaundula amene aliyense atha kumuona pa intaneti. M'mabuku a makampani osunga mbiri ya ngongole limakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, kotero kuti kupeza nyumba ya lendi kapena ngongole yogulira nyumba kumavuta kalekale atamasulidwa. Wopezeka kuti anachita chinyengo kapena mosasamala amamuwonjezera ziletso kwa zaka ziwiri mpaka 15. Ndipo si ngongole zonse zimafafanizidwa: chindapusa cha khothi, ngongole ya boma ya maphunziro ndi ndalama zothandizira ana zimatsala. Amalawi okhala kumeneko ayenera kudziwanso ziwiri izi. Lamuloli limawerengera katundu kulikonse kumene ali, choncho puloti ya ku Lilongwe kapena nyumba ya lendi ku Blantyre iyenera kuululidwa, ndipo kuibisa ndi mlandu. Komanso boma likamaunika pempho la unzika limayang'ana mmene munthu wayendetsera ngongole zake.

Fomu ya pa intaneti ija si yaulere. Imafuna mapaundi 680, ndipo ngakhale munthu amaloledwa kusonkha pang'onopang'ono, pempho lake siliyenda mpaka ndalama yonse itakwana. Mabungwe olangiza angongole akhala akunena kwa zaka zambiri kuti alipo anthu osauka kwambiri moti sangakwanitse kugula ufulu wotchedwa olephera. Poyankha dandaulo limeneli, mu 2009 boma linabweretsa njira yachidule yotchedwa Debt Relief Order, ya anthu a katundu wochepa ndi malipiro osatsala kanthu. Poyamba inkalipiritsa mapaundi 90, koma ndalamayi inachotsedwa mu April 2024, ndipo chaka chomwecho malire a ngongole anakwezedwa kufika mapaundi 50,000. Wopitirira malirewo, kapena amene malipiro ake amatsalako mapaundi oposa 75 pamwezi, amabwerera ku fomu ya 680 ija.

Ndende nayo sinachokeretu. Munthu amene walephera kulipira msonkho wa khonsolo, khothi likaona kuti anakana dala kapena ananyozera, atha kumangidwa mpaka miyezi itatu, ndipo makhothi aakulu apezapo kuti ena anamangidwa molakwika, opanda kufufuzidwa bwino ngati ndalamazo analidi nazo. Boma la Wales linathetsa chilango chimenechi mu April 2019, koma ku England chidakali m'malamulo.